Mphaka wanga wandidanitsa ndi apongozi, ndithandizeni

Mayi wa ku Area 25:

Abale anga, ndikudziwa kuti ena museka, koma kwathu kuno nkhaniyi yafika poti ndiwo sizikukomanso. Ndili ndi mphaka wamkazi, wakuda bii kupatula kachigamba koyera pakhosi. Ana anamutcha Makala. Ndinamutenga mu Januwale ali kamwana kokwana m'manja, kwa mayi wina amene ndimapikulako tomato kumsika wa Nsungwi. Chimene ndinamutengera ndi makoswe. Ndili ndi kaokala pakhomo pomwepa, ndiye anyamata amenewa anali atandisaukitsa: kubowola mapaketi a shuga, kuluma sopo, tsiku lina mpaka kutafuna ndalama zimene ndinaiwala m'katoni. Chikulireni Makala, mu okala muli zii. Pamenepo ndilibe naye chifukwa.

Vuto layamba masabata atatu apitawa. Ndine woyembekezera, uno ndi mwezi wachisanu ndi chiwiri, ndiye apongozi anga abwera kuchokera ku Dowa kudzandidikirira. Ndi mayi abwino, ndisawanamizire, kungoti amphaka sawafuna n'pang'ono pomwe. Tsiku lofika anangomuona n'kufunsa kuti, "Apongozi, chimenechi mukugona nacho m'nyumba?" Ine ndinangoseka. Ndikanadziwa.

Mphakayu wawakakamira iwowo. Ana anga amaitana pusi pusi mpaka kukhosi kuuma, iye osatembenuka n'komwe. Koma apongozi akangoyala mphasa padzuwa m'mawa kuti aziswa mtedza, iye uyo, wakhala kale pachitenje chawo. Akamukankha amachoka, pakapita kanthawi wabweranso. Ndipo sangokhala chabe, amapondaponda ntchafu zawo ndi miyendo yakutsogolo ngati munthu wokanda ufa wa mandasi, maso atatsinzina, kukhosi kukulira ngati njinga yamoto ili patali.

Lachitatu lapitali apongozi akutuluka m'chipinda mbandakucha anaponda khoswe wakufa pachitseko pawo penipeni, mutu utadyedwa. Loweruka panali buluzi wamoyo wopanda mchira. Zitseko zina zonse ayi, chawo chokha. Komanso akalowa m'chipinda chimenecho amakhala pakati n'kuyang'ana pakona ya siling'i, duu, nthawi yaitali, makutu okha akutembenuka. Ndayang'anapo, palibe kanthu, ngakhale kangaude. Usiku wina magetsi atazima apongozi anayatsa tochi n'kukumana ndi maso awiri obiriwira akuwala mumdima. Mfuu yake, aneba anachita kudzafunsa m'mawa.

Chimene chandisowetsa tulo inenso ndi ichi: kuyambira Lamlungu akulira usiku wonse. Si miyawu wake uja wopempha usipa ayi, ndi kulira kwenikweni kwa khanda. Masana akungogubuduzika pansi, kudzikhula m'miyendo ya mipando, ndipo ukamugwira pamsana akukweza kumbuyo, mchira n'kupatukira kumbali. Usiku pampanda pakumabwera amphaka ena awiri amene sindikudziwa kwawo.

Apongozi agamula kale. Akuti chinyamachi chatumidwa, chikulira ngati khanda chifukwa chikufuna amene ndanyamulayu, ndiye chiikidwe m'thumba chikatayidwe kutsidya kwa Lumbadzi. Abambo akunyumba akangomva nkhaniyi amati "kambiranani" n'kunyamula chikwama chawo. Ine ndimapemphera, ndipo masana ndimati zonsezi n'zachabe, koma ikamakwana 2 koloko usiku kulira kuja kukayamba pawindo, mtima umagunda ndithu. Inu amene mumawadziwa amphaka, zimenezi n'chiyani? Kapena akudwala?

Mlimi wa ku Mchinji:

Mayi, pepani ndasekadi, koma ndaseka za khoswe wopanda mutuyo, chifukwa kwathu tikangokolola ndimawaponda pafupifupi mlungu uliwonse. Ndakhala ndi amphaka pankhokwe kuyambira ndili mnyamata, ndiye ndinena zomwe ndaona ndi maso. Mphaka wamkazi akakhala ndi ana, poyamba amawabweretsera mbewa yakufa n'kuidya iwo akuona. Akasinkhukirapo amawabweretsera yamoyo koma yolefuka, n'kuiponya pakati pawo kuti aphunzire kugwira. Ikathawa amakaitenganso. Tsono wanuyo wayamba ndi khoswe wakufa, kenako buluzi wamoyo. Mwina waona kuti apongozi anu sadziwa kusaka, ndiye wawalembetsa sukulu. Chonde zimenezi musakawauze.

Koma kunena zoona, mphaka akagwira kanthu amathamangira nako pamalo pamene iye amamva kuti m'pakwawo, popanda galu kapena mphaka mnzake womulanda. Amadya mbali imene wafuna, yotsalayo n'kuisiya pomwepo. Ngati masiku ano akukonda kugona cha kuchipinda chimenecho, ndiye pachitsekopo ndi pambale pake. Za mchira wa buluzi musadabwe, abuluzi amaudula okha akagwidwa kuti mdani atangwanike ndi mchirawo iwo akuthawa.

Musaganizenso kuti akusaka chifukwa mukumumana. Mphaka wokhuta amasakabe. Anthu ambiri kuno amamana mphaka chakudya ati kuti azigwira bwino makoswe, koma chimene chimachitika n'chakuti amayamba kuvundukula mapoto ndi kugwira anapiye, kapena amasamukira kwa aneba.

Zokamutaya ku Lumbadzizo, mukatero mutsanzikanenso ndi shuga wanu. Ndipo mukadzayamba kuthira temeki mu okala, dziwani kuti khoswe wodya mankhwala amaphanso chomutola. Ine ndinakwirira amphaka awiri tsiku limodzi, mankhwala atathira aneba. Inuyo muli ndi ana pakhomo.

Mlangizi wa ziweto ku Zomba:

Mayi a ku Area 25, ndiyambe ndi kulira kwa usikuko chifukwa n'kumene kukufuna changu. Makala sakudwala, wakula. Ngati munamutenga mu Januwale ali kamwana, pano ali ndi miyezi pafupifupi 8, ndipo amphaka aakazi amayamba kufuna amphongo asanakwane chaka, ena ali ndi miyezi 4 yokha. Kugubuduzika, kudzikhula, kukweza kumbuyo ndi kupatutsa mchira, zonsezo n'zizindikiro za nyengo imeneyi. Alendo awiri apampandawo ndi amphongo amene amva kuitana ndi fungo. Kulirako kumatha pafupifupi sabata n'kuleka, koma akapanda kukweredwa kumayambiranso pakatha masabata awiri kapena atatu, mobwerezabwereza. Mukadzamva mfuu imodzi yoopsa kenako phokoso ngati la ndewu, ndiye kuti zachitika. Chida cha mphaka wamphongo chili ndi timinga ting'onoting'ono timene timamukanda wamkazi pochoka, ndipo kukandako n'kumene kumachititsa kuti mazira ake atuluke. N'chifukwa chake amphaka sachedwa kutenga bere.

Bere la mphaka ndi la masiku 63 mpaka 65. Werengani nokha. Inu mwatsala ndi miyezi iwiri, iyenso akakweredwa sabata ino ndi miyezi iwiri. Mudzachira sabata imodzi, ndiye taganizani zimene apongozi adzanene pamenepo. Mankhwala ake ndi opaleshoni yomutseka. Ku Lilongwe kwanuko kuli bungwe losamalira nyama la LSPCA limene limachita opaleshoni imeneyi komanso kubaya katemera. Madokotala ena amafuna kuti nyengoyi idutse kaye, choncho funsani musananyamuke naye. Podikira, usiku muzimutsekera mu okala, mawindo ali otseka. Alira ndithu, koma alirira kutali ndi windo la apongozi.

Za siling'i, ndingabetche kuti m'mwambamo muli makoswe. Kukwera kwa mawu amakuyeza ndi ma hertz. Khutu la munthu limalekezera pa ma hertz 20,000, pamene la mphaka limapitirira 60,000, ndipo makoswe ndi mbewa zimalankhulana ndi timawu tokwera kwambiri timene ife sitimva. Khutu lililonse la mphaka lili ndi timinofu 32, n'chifukwa chake mumaona likutembenuka palokha mutu uli chilili. Inu mukuyang'ana ndi maso n'kusowa kanthu, iye akuyang'ana ndi makutu. Amene anapulumuka mu okala anathawira kumene Makala sangafike. Awuzeni abambo akwere ndi tochi. Akawapeza, mwapezanso chifukwa china chimene mphakayu sakuchokera m'chipinda chimenecho.

Maso owala aja ndi kagalasi kamene kali kumbuyo kwa diso, dzina lake tapetum lucidum. Kuwala kukalowa, kagalasika kamakubwezanso kuti diso likugwiritse ntchito kawiri, ndiye mphaka amaona ndi kuwala kochepa kasanu ndi kamodzi kuyerekeza ndi kumene ife timafuna. Mbuzi, ng'ombe ndi agalu zili nako. Aliyense amene anayendapo usiku pamsewu wa M1 anaonapo maso a mbuzi akuwala m'mbali, ndipo palibe amene amati mbuziyo yatumidwa.

Tsopano funso lokoma kwambiri, lakuti chifukwa chiyani wasankha munthu amene samufuna. Zimenezi ndazimva kambirimbiri, ndipo yankho lake limaseketsa. Kwa amphaka, kuyang'anitsitsa m'maso ndi kuopseza. Amphaka awiri akafuna kumenyana amayamba n'kutong'olerana maso, pamene amene sakufuna ndewu amayang'ana kumbali. Ana anu amamuyang'anitsitsa, kumuitana mofuula, kumuthamangitsa, kumunyamula ngati chidole. Apongozi anu amatembenuza nkhope, sanena naye, samutambasulira dzanja. M'chiyankhulo cha amphaka, iwowo ndi munthu waulemu kuposa onse pakhomopo. Onjezanipo kuti ino ndi Julaye, thupi la mphaka limatentha madigiri 38 mpaka 39 ndipo sapirira kuzizira. Munthu amene wakhala malo amodzi padzuwa ola lathunthu, atayala chitenje pamiyendo, kwa mphaka ndi mbaula yosathima. Inu mumangoti mwakhala pansi kasitomala wagogoda.

Kupondaponda kuja anakuphunzira pabere la amake. Tiana ta mphaka timaponda choncho poyamwa kuti mkaka utuluke, ndipo ambiri sakusiya ngakhale atakula. Amachita akakhala pamalo pofewa, pofunda, pamene mtima wawo uli m'malo. Kudzikhula ndi masaya n'kupaka fungo lake, chifukwa m'masaya, pachipumi ndi kuchibwano ali ndi tiziwalo totulutsa fungo limene ife sitimva. Chimene wachipaka fungolo ndiye kuti n'chapakhomo.

Ndimakonda kukumbutsa anthu kuti nyama imeneyi si yachilendo ku Africa kuno. Kholo la amphaka onse apakhomo ndi vumbwe yemweyu amene amagwira nkhuku kumudzi. Anayamba kuyandikira anthu ku Middle East alimi atayamba kusunga mbewu, chifukwa pamene pali nkhokwe pali mbewa. Mu 2004 akatswiri analengeza kuti pachilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500 mmene munthu anaikidwa pamodzi ndi mphaka. Ndiye mgwirizano wa inu ndi Makala pa nkhani ya shuga ndi wakale kwambiri.

Ziwiri zomaliza, poti mwafunsa ngati akudwala. Musamupatse Panado kuti agone, ngakhale kachidutswa. Chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula paracetamol, ndipo piritsi limodzi limatha kumupha. Chachiwiri, amphaka amagwidwanso chiwewe, si agalu okha, ndiye pokamutseka mukamubayitsenso katemera. Wina akalumidwa kapena kukandidwa ndi amphongo apampandawo, atsuke chilondacho ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Agogo a ku Ntcheu:

Mwanangu, alangiziwa afotokoza bwino, ine sindiwatsutsa. Koma ndikuona ngati nonse mukuchiza mphaka, pamene wodwala ndi apongozi. Ine ndili ndi apongozi anga atatu, ndipo ndikudziwa mmene zimakhalira ukagona m'nyumba ya eni, m'tauni, usiku kukulira zinthu zimene sukuzidziwa. Mayiwo sakudana ndi iwe. Akuopera mdzukulu wawo. Ife tinakula tikumva kuti mfiti zimayenda ndi amphaka, akadzidzi ndi afisi, ndipo zimene unamva uli pamsana pa amako sizichoka chifukwa mpongozi wako wakuwerengera za pa foni. Ukatenga foniyo n'kuyamba kuwafotokozera za ma hertz, iwo adzamva chinthu chimodzi chokha, kuti ukuwatcha mbuli m'nyumba ya mwana wawo.

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nkhaniyi si yako, ndi ya mwana wawoyo, ndipo "kambiranani" ameneyo asiye. Akhale nawo pansi awiri, awauze kuti mphakayu akufuna mwamuna basi, tikukamutseka, ndipo m'chipinda mwanu salowanso. Iwe mbali yako ndi kutseka chitseko chawo nthawi zonse ndi kudzuka iwo asanadzuke, uone ngati pakhomo pali mphatso ina. M'mawa akayala mphasa, mphakayo akhale mu okala. Mlendo ndi mame, miyezi itatu si zaka.

China ndikuchenjeze. Mawu akuti "chatumidwa" sathera pamenepo, mawa lake pamabwera funso lakuti watumiza ndani. Ukapanda kusamala dzina la mayi wa tomato uja lituluka, munthu amene anangokuchitira chifundo. Ife okalambafe ndi amene timalozedwa zala kwambiri pa nkhani zimenezi, ndipo ena aphedwa nazo m'dziko muno. Lamulo la za ufiti la 1911 lija likadalipo, kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Uzimitse moto umenewu usanatuluke pageti.

Namwino wa kusikelo:

Asisi, ine ndiwonjezere za mimbayo, chifukwa pali chinthu chimodzi chenicheni chimene mayi woyembekezera ayenera kusamala nacho pa mphaka, ndipo si kulira kwake. M'chimbudzi cha amphaka mumatha kukhala kachirombo koyambitsa matenda otchedwa toxoplasmosis, amene angavulaze mwana wosabadwa ngati mayi wawatenga koyamba ali ndi pakati. Amphaka amakatenga podya makoswe ndi mbalame. Si chifukwa chomutayira ayi. Kumusisita sikupatsira, ndipo kachiromboka kamayamba kugwira munthu chimbudzicho chikakhala tsiku limodzi mpaka masiku 5. Ndiye ngati muzimutsekera mu okala, muikireni beseni la mchenga kutali ndi zogulitsa, ndipo wotaya mchengawo tsiku ndi tsiku akhale abambo, osati inu. Makoswe akufawonso musatole ndi manja. Mukagwira dothi lapadimba sambani ndi sopo, masamba muzitsuka bwino, nyama izipsa mpaka mkati, chifukwa anthu ambiri amatengera matendawa kunyama yosapsa ndi kudothi.

Mwana akabadwa mudzamva zoti mphaka amayamwa mpweya wa khanda. Zimenezo si zoona, koma mphaka amatsatadi pofunda, ndipo khanda silingathe kumukankha akaligonera kunkhope. Neti muziipisira bwino kumatiresi, chitseko chikhale chotseka. Pamenepo apongozi anu ndi ine tikugwirizana.

Mnyamata wa ku Chilomoni:

Ine ndangodabwa za ulemuzo. Ndiye kuti mphaka wa alandilodi amene amagona pansapato zanga tsiku lililonse, ine ndikumuthira madzi, akuganiza kuti ndife mabwenzi? Alangizi, ndimuyang'anitsitse kuti andisiye?

Mlangizi wa ziweto ku Zomba:

Achimwene, ingolowetsani nsapatozo m'nyumba. Akutsata fungo ndi kufunda, ndipo mpikisano woyang'anana ndi mphaka simungapambane.

Mayi wa ku Area 25:

Zikomo nonse, ndabweranso. Agogo a ku Ntcheu, mawu anu ndi amene ndinayamba nawo. Foni sindinawaonetse apongozi, ndinaonetsa abambo akunyumba usiku ana atagona, makamaka paja alangizi anati tidzachira sabata imodzi. Pamenepo anadzuka n'kukhala tsonga. Loweruka anabwereka makwerero kwa aneba n'kukwera m'siling'i. Pakona pomwe paja anapeza chisa cha mapepala, zidutswa za thumba la ufa ndi sokosi yasukulu imene ndinakalipira nayo mwana mwezi watha, mkati muli tiana ta makoswe 6 tofiira tosaphenya. Anatsika nato pafosholo n'kuwaonetsa amayi awo. Iwo anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye ndimagona pansi pa zimenezi?" Za kutumidwa sanatchule tsiku limenelo.

Sindinganame kuti zatheratu. Kulira kunaleka Lachiwiri, koma apongozi akuti kwaleka chifukwa anapemphera, ndipo ine ndavomera. Makala akugona mu okala, mchenga akutaya abambo, nkhope itakwinyika. Opaleshoni atipatsa tsiku sabata yamawa, ndipo ndatsimikiza kuti mpaka tsikulo sanunkhako kunja usiku, ngakhale amphongo aja akubwerabe pampanda ngati anthu odzafunsira mbeta.

Dzulo ndinachedwa kumutsekera chifukwa kunabwera galimoto ya buledi. Pobwerera kuseri ndinapeza apongozi pamphasa pawo, lichero la mtedza pamiyendo, Makala atagona kumapeto kwa chitenje. Sanamugwire, sanamuyang'ane, koma sanamukankhenso. Atandiona anangoti, "Apongozi, dzachotseni chinthu chanuchi, chikunditenthetsa mwendo." Ndinapita kukatenga madzi akumwa kaye, ndipo sanandiitanenso.

Funso lina kwa alangizi: akachokera ku opaleshoni, adzasiya kugwira makoswe? Abambo akuti akatsekedwa amasanduka aulesi.

Mlangizi wa ziweto ku Zomba:

Sadzasiya, mayi. Opaleshoni imachotsa chilakolako cha amphongo, kusaka sikukhudzidwa. Mwinanso adzagwira ambiri chifukwa sazidzayendayenda. Amanenepa akamadyetsedwa mopitirira, ndiye usipa muzimuyezera. Masiku 10 oyamba asadumphedumphe ndipo asanyambite chilonda. Bowo limene makoswe amalowera m'siling'i abambo alitseke ndi waya, chifukwa make wa tiana tija akadali moyo.